Kadziwotche wa ku Lichenya

Foni ya Layisoni inatsika phiri pamodzi ndi nsapato zake,
m'jumbo imodzi, galasi litang'aluka pakona.
Mnyamata wa pa Chitakale anaitsegula ndi zikwi zitatu.
Chithunzi chotsiriza
si cha mkazi wake,
si cha alendo amene ankawasenzera zikwama,
koma kachilombo, katadziyala pa thabwa.

Mapiko obiriwira ngati tiyi wanthete m'dengu.
Mzere wofiirira ukudutsa onse awiri
ngati wina anayamba kufufuta mawu, n'kusintha maganizo.
Mmunsi, maso awiri osaphethira,
ndi timichira tiwiri topotoka kunsonga.

Mlamu anangoti, ndi gulugufe, chotsa ndisaone.
Alonda a ku fakitale, a Khoviwa, anaseka:
onsewo ndi akadziwotche,
amabwera kudzavinira getsi la pageti,
dzina lina n'lachiyani poti m'mawa timasesa?

Mayi Nakhumwa, ophunzitsa sayansi, anavala mandala.
Taona nyangazi, anatero.
Za gulugufe zimathera kamutu ngati machesi,
koma izi ndi nthenga, ndi chipeso.
Uyu ngwausiku.
Kupitirira apo, mwanawe, silabasi sifika.

Lachinayi, chiperoni chikunyowetsa mopanda phokoso,
ndinakwera kabaza mpaka ku Likhubula.
Bambo Namakhwa a zankhalango anatsitsa chibuku
chonunkha nkhungu, chikuto chitadyedwa ndi njenjete,
abale ake omwe a amene tinkamufunayo.
Tinatsegula masamba, kunyambita chala.
Mizere ya mapiko otambasula ngati zovala pa chingwe,
aliyense ndi dzina lake la Chilatini
lopunthwitsa lilime.
Atatu anafanana naye.
Wina michira yatalikitsa.
Wina mzere wakhota.
Wachitatu ndi iyeyo ndithu, koma akuti kwawo n'kutsidya kwa nyanja.

Anamujambula mwezi wanji? Malichi.
Kuti? Sindidziwa.
Mbozi yake inkadya mtengo wanji?
Kunsi kwa phiko kukuoneka bwanji?
Nanga kukula kwake?
Chithunzi, iwo anati, chimaonetsa msana wokha.
Mwina alimo m'buku lina, ku Zomba.
Mwinanso palibe anamulemba;
phirili silinaulule zonse.

Usiku magetsi atathima
ndinayala zala ziwiri pa galasi, n'kukoka.
Phiko linakula, linasanduka fumbi,
fumbi linasanduka timabokosi.
Ndinasiya phiko, ndinapita m'mbali.
Msomali wadzimbiri.
Mizere ya mkungudza.
Dontho la kandulo, louma lisanafike pansi.
Khoma ili ndikulidziwa: kanyumba ka alendo ku Lichenya,
kuseri, kumene onyamula katundu amagona.

Ndipo pakona, pansi pa mng'alu weniweniwo,
chimene ndinkachiyesa mthunzi:
chala chachikulu, chitatsamira thabwa,
chikhadabo chogawika pakati.
Ndine ndinachigawa, ndi chikwanje cha bambo,
tikulimbirana chinanazi chosapsa n'komwe.
Iye anauza mayi kuti ndi mwala.

Anaikapo dala chalacho.
Alendo anamuphunzitsa: ukajambula kanthu
ika china pambali, anthu adziwe kukula kwake.
Ankafuna kudzafunsa munthu atatsika.

Ndinayeza ndi kachitsotso ka tsache.
Kuchoka nsonga ya phiko kufika nsonga inzake,
chalacho chikulowa kawiri, n'kutsala pang'ono.

Lolemba ndinabwerera ku Likhubula.
Ndapeza malo, ndinatero, ndapezanso kukula:
zala ziwiri za Layisoni ndi kachidutswa.
Bambo Namakhwa anatsegula cholembera.
Chabwino. Nanga chala chakecho
chinali masentimita angati?

Ndinayang'ana changa.
Chake chinali chachitali, kapena chonenepa chabe,
zaka makumi atatu tikupatsirana mchere, khasu, fodya,
sindinachiyeze.

Panja mtambo unali utameza Chambe.
Iwo anadikira, cholembera chili m'mwamba,
kenaka pa mzere wa dzina analemba kuti
sichinadziwike,
n'kundifunsa ngati ndingawasiyire chithunzicho.